Tsamba lokulungira mtedza

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, kachiperoni kakutsetsereka kuchokera kuphiri, ndipo ine ndinali panja pa msika wa Zomba kudikira minibasi ya ku Chinamwali. Kuti m'kamwa musaume ndinagula mtedza wokazinga kwa mayi wina amene amakhala pafupi ndi ogulitsa nthochi. Anapinda kapepala ngati nyanga, n'kuthiramo mtedza, n'kundipatsira. Nditadya theka, maso anagwera pa liwu limodzi la papepalalo: "cifukwa". Linalibe h. Ndinakhuthulira mtedza wotsalawo m'thumba la jekete, n'kutambasula pepala lija pachikhatho. Mafuta anali atalowerera pakati, koma pamzere wachitatu dzina linkaoneka bwinobwino: Nthondo.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinabwerera.

"Pepani mayi, pepala ili mwalitenga kuti?"

"Bwanji bambo, ndi lakuda? Bweretsani ndikusinthireni."

"Ayi, si lakuda. Ndikufuna buku lake."

Anandiyang'ana kaye, kenaka anakweza beseni. Pansi pake panali kabuku kopanda chikuto, kopsinjidwa ndi mwala kuti mphepo isakaulutse. Anati anali mabuku a malemu apongozi awo, amene ankaphunzitsa kupulayimale kalekale, ndipo katoni yonse inangokhala kuseri kwa chitseko mbewa zikuberekeranamo. Masamba 18 oyambirira anali atapita kale m'manja mwa anthu odya mtedza. Ndinawapatsa ndalama yokwana mtedza wonse umene unali m'besenimo, iwo akukana kuti yachuluka, ine ndikuumirira. Minibasi ziwiri zinandisiya tsiku limenelo.

Ndaphunzitsa Chichewa kusekondale zaka zoposa 30, ndipo dzina la Samuel Josia Ntara ndalilemba pabolodi kosawerengeka. Ndinkauza ana kuti anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, kuti mu 1933 buku lake la Nthondo linapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa umene unakonzedwa ndi bungwe la ku London, kuti chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa, Julian Huxley n'kulemba mawu otsogolera. Zonsezi ndinkazinena pamtima. Koma kope lakale la bukulo, la kalembedwe ka agogo athu, ndinali ndisanaligwirepo m'manja mpaka tsiku lija pamsika, lili ndi fungo la mtedza.

Anthu akamva kuti ndimatolera mabuku osowa amaganiza za mabuku a zikuto zachikopa, olembedwa mayina ndi madzi a golide, aja amagulitsidwa pamtengo wa nyumba ku London kapena ku New York. Ena amandifunsa ngati ndili ndi mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott, uja anasindikizidwa ku Edinburgh mu 1892. Ndilibe, ndipo sindigona tulo tochepa chifukwa cha iye. Buku ngati limenelo lili ndi eni ake olisamala. Lili m'malaibulale akuluakulu akunja, m'zipinda zosalowa chinyontho, ndipo linajambulidwa kale moti ofuna amaliwerenga pa intaneti. Limene limandisowetsa mtendere ndi kabuku kaja tonse tinkakadziwa, ka masamba ochepa, komangidwa ndi timawaya tiwiri pamsana, kamene kanali m'chikwama cha mwana aliyense wa Fomu 2. Poti kanali ponseponse, palibe anaganiza zokasunga. Lero funsani m'nyumba khumi za ku Matawale kapena ku Sadzi ngati muli Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe. Akuluakulu onse akufotokozerani nkhani yake ndi chimwemwe, ena mpaka kuimba, koma woti alowe kuchipinda n'kutuluka nalo m'manja mumufuna mpaka dzuwa kulowa.

Mabuku athu amafa imfa zambiri. Anasindikizidwa papepala lotchipa kuti makolo akwanitse kugula, ndipo pepala lotero likakalamba limafiira n'kumathetheka ngati tsamba louma la chimanga. Timawaya tija timachita dzimbiri, dzimbirilo n'kudya pepala mozungulira, masamba apakati n'kuyamba kugwa. Kusukulu buku limodzi linkagwidwa ndi ana asanu kapena kuposa. Silabasi ikasintha, osindikiza amaleka kulisindikiza, ndipo makope otsala amaunjikidwa m'chipinda chosungiramo makasu ndi matsache. Kenaka pali maliro. Mwini mabuku akatisiya, achibale amagawana njinga, wailesi, mipando ndi zofunda, koma katoni ya mabuku imasowa mwini. Mapeto ake ndi kukulungira mandasi, kupichira fodya, kuyatsira mbaula. Sindiwadzudzula mayi a mtedza aja. Pepala loyera ndi ndalama, ndipo palibe anawauzapo kuti chimene apsinja ndi mwalacho chili ndi ntchito ina.

Usiku wa tsiku lomwelo ndinawerenga zotsalazo mpaka magetsi anazima, n'kupitiriza ndi tochi ya pafoni. Ndinapeza Nthondo ali kale mnyamata wovuta, ndipo ndinayenda naye mpaka kukula kwake, ulendo wake wokasaka ntchito kutali, kubwerera kwake, ufumu wake ndi kutembenuka mtima kwake. Ndinene chilungamo: chakumapeto Ntara amalalikira kwambiri, ndipo umaona dzanja la mishoni likumukankha pamsana. Koma akamalemba za pamudzi, anthu akukambirana pabwalo, mlandu ukuzengedwa, amayi akudandaula za mwana, khutu lake silinama. Ziganizo zake zimayenda ngati munthu amene sakuthamangira kulikonse. Mulibe Chingerezi chobisala pansi pake, chimene chimapezeka m'zolemba zambiri za masiku ano, ngakhale zanga zomwe. Munthu ameneyu ankaganiza m'chilankhulo chomwe ankalembacho, ndipo ukamuwerenga mokweza lilime silipunthwa.

Popeza mabuku ambiri amandipeza opanda chikuto, ndinaphunzira kudziwa msinkhu wa buku monga mlimi amadziwira msinkhu wa mbuzi poyang'ana mano. Tsamba loyamba likakhalapo ntchito ndi yochepa: kuseri kwake amalemba chaka chimene bukulo linatuluka koyamba ndi zaka zimene linasindikizidwanso, ndipo chaka chomaliza pamndandandawo ndicho cha kope uli nalo m'manja. Ambiri amalakwitsa pamenepa, amaona chaka choyambacho n'kuyamba kunyada. Tsambalo likasowa ndimayang'ana mtengo. Ukaona 2/6 pachikuto chakumbuyo, ndiye kuti ndi mashiling'i awiri ndi mapeni asanu ndi limodzi, ndipo bukulo linatuluka kwacha isanabwere mu 1971. Mtengo wa 2/6 umenewo unasanduka 25 tambala. Likamati Nyasaland, ndi la 1964 isanafike. Likamatchula chilankhulo chathu kuti Chinyanja kapena Cinyanja, kawirikawiri ndi la 1968 isanakwane, chaka chimene msonkhano wa chipani cholamula unagamula kuti dzina likhale Chichewa. Ndiye pali c uja wopanda h, amene aliyense wokulira pa Buku Lopatulika lakale amamudziwa kuyambira liwu loyamba la Genesis, "Paciyambi". Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, malamulo ake a kalembedwe n'kutuluka mu 1973, ndipo kuchokera apo mabuku a sukulu anatsata ch. Anzathu a ku Zambia c uja anamusunga mpaka lero, choncho buku la ku Lusaka likhoza kukupusitsa ukapanda kuyang'ana bwino.

Chimene ndimakonda koposa ndi zidindo ndi zolemba za eni ake akale. Otolera mabuku akunja amafuna buku loyera, losalembedwa kanthu. Ine buku loyera limandimvetsa chisoni, chifukwa ndiye kuti silinawerengedwe. M'kope langa la Kukula ndi Mwambo, buku lina la Gwengwe, muli chidindo cha sukulu ina ya mishoni, mayina anayi a ana ofufutidwa motsatana, ndi mawu a pensulo m'mphepete mwa tsamba lina: "Agogo amatero." Mwana ameneyo, kaya ali moyo kaya anapita, anawerenga Gwengwe n'kumva mawu a agogo ake. Ndemanga yoposa imeneyo ine sindinailembepo pa zaka zonse za uphunzitsi wanga.

Pa alumali yanga pali buku limodzi lokha la Chingerezi limene ndimaliika pamodzi ndi a Chichewa akalewo, ndipo nalonso chikuto chake sichioneka. Linakutidwa ndi pepala la kalendala, ndipo pamwamba pake achimwene anga analembapo ndi bolopeni kuti "Geography Notes". M'kati mwake muli Of Chameleons and Gods, ndakatulo za Jack Mapanje, zimene kampani ya Heinemann inatulutsa mu 1981 m'gulu lija la African Writers Series. Achimwene anali ku Chancellor College masiku amenewo. Mu 1985 bukulo linachotsedwa m'masitolo, m'masukulu ndi m'malaibulale, ndipo mu Seputembala 1987 Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anagwidwa konkuno ku Zomba n'kukatsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda mlandu wozengedwa. Anatuluka mu Meyi 1991. Achinyamata a lero akamva Mikuyu amaganiza kuti ndi kutali. Ndi pafupi pomwepa, kuchigwa, ulendo woti wanjinga amapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Tinkagula matemba mumsika womwewu, munthu ali m'chitolokosi chifukwa cha mawu.

Ndimakumbukira madzulo amene achimwene anabwera nalo kunyumba. Mayi anali akupeta mpunga pakhonde.

"Kodi chimenecho n'chiyani ukubisa m'malaya?"

"Ndi buku chabe, amayi."

"Buku chabe silibisidwa m'malaya. Ukufuna utiphetse?"

Anafuna kuliponya pamoto. Bambo ndiwo anati lisatenthedwe, koma lisagonenso m'nyumba. Linakhala zaka zingapo m'chitini cha mkaka wa ufa, chokwiriridwa m'nkhokwe pansi pa chimanga. Mpaka lero m'mphepete mwake muli timabowo ta anankafumbwe. Achimwene anatisiya, ndipo pogawana katundu ine ndinapempha chitini chokhacho. Pepala la kalendala lija sindidzalichotsa. Munthu wina wodziwa za malonda a mabuku anandiuza kuti ndikalichotsa n'kuonetsa chikuto chenicheni bukulo lingakhale ndi mtengo. Ndinamuyankha kuti makope a chikuto choonekera alipo ambiri padziko, koma lokutidwa ndi mantha a amayi anga ndi limodzi lokha.

Zomba ndi mudzi wa alembi, ngakhale makoma ake sanena. Gulu la alembi la Writers Group linayamba pa Chancellor College mu 1970 kolejiyo ikadali ku Blantyre, n'kutulutsa kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau mu 1971, ndipo koleji itasamukira ku Chirunga, kuno ku Zomba, mu 1973 gululo linabwera nayo. Steve Chimombo anabadwira konkuno mu 1945, chaka chimodzi Napolo asanagumule phiri mu Disembala 1946, ndipo chinjoka chimenecho anachinyamula m'ndakatulo zake moyo wake wonse. Napolo Poems inasindikizidwa mu 1987 ku Zomba komwe kuno. Ndinkawaona bambo amenewa akuyenda m'tauni, koma sindinalimbe mtima kuwaimitsa kuti andisainire kope langa. Ndinkati mawa, mawa. Anamwalira mu Disembala 2015, kope lija lili losasainidwa. Benedicto Wokomaatani Malunga, amene mawu ake pawailesi anachititsa anthu ambiri kukonda ndakatulo za Chichewa, anagwira ntchito zaka zambiri ku yunivesite konkuno, ndipo ndiye anatipatsa buku lotchuka la Chinua Achebe, Things Fall Apart, m'chilankhulo chathu, pa dzina loti Chipasupasu. Osindikiza mabuku a Kachere nawonso kwawo ndi kuno. Komabe mukayenda m'tauni kufuna sitolo yoti mugulemo Ntchito ya Pakamwa ya E. J. Chadza, kapena Njala Bwana ya Willie Zingani, kapena Ikakuona Litsiro Sikata ya Jolly Max Ntaba, mupeza mabuku a mayeso a chaka chino ndi makope olembamo. Enawo amapezeka mwamwayi, pansi, pa chiguduli cha ogulitsa mabuku akaunjika, pakati pa magazini akale ndi mabuku achikondi ochokera kunja.

Kusunga buku ku Zomba ndi nkhondo. Mvula ya kuno simasewera, ndipo nyumba zoyandikira phiri zimatuluka thukuta m'makoma kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ndinaphunzira ndi misozi. Mvula ija ya Januwale 2015 inandipeza nditaika makatoni awiri pansi, mogundana ndi khoma la kuchipinda. Pomwe ndinkawatsegula mu Epulo, ina inali yoyera ndi nkhungu, masamba atamatana ngati chikondamoyo. Inayo kunja inkaoneka yabwinobwino, koma nditainyamula inapepuka modabwitsa: chiswe chinali chitalowera pansi n'kudya m'kati monse, n'kusiya dothi. Munali mabuku 40 ndi kanthu, ena mwa iwo a bambo anga. Mayi akunyumba anandipeza nditakhala pansi, ndagwira chikuto chopanda kanthu m'kati. Sananene zambiri. Anangoti, "Bambo, tiyeni tiitane kalipentala."

Tsopano alumali ili ndi miyendo yaitali, yotalikirana ndi khoma mwakuti dzanja limadutsa, ndipo mwezi uliwonse ndimasuzumira kuseri kufuna tinjira ta dothi. Mabuku sindiwatsekera m'majumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyontho m'kati. Osalimba ndimawaika m'maenvulopu a pepala, chogona. Timawaya tadzimbiri ndimatichotsa pang'onopang'ono ndi kampeni, n'kusoka msana ndi ulusi woyera. Selotepi ndiye mdani wamkulu: chaka choyamba amaoneka ngati wathandiza, koma pakapita zaka amauma n'kugwa, kusiya chipsera chofiirira chimene chimadya zilembo. Mu Okutobala, kunja kukauma, ndimayala mphasa pakhonde n'kutsegula mabuku onse kuti apitidwe mphepo, pamthunzi, chifukwa dzuwa limafufutitsa inki ndi kupinda zikuto. Kubwereketsa ndinaleka. Mnzanga wina anatenga Mbiri ya Achewa ya Ntara kuti akawerenge sabata imodzi, ndipo papita zaka zisanu ndi ziwiri. Wofuna kuwerenga amabwera, ndimamupatsa mpando ndi tiyi, tiyiyo patebulo lina.

Wina anganene kuti ntchito imeneyi ili ndi eni ake, ndipo n'zoona. National Archives, nyumba yosungira zolemba za dziko lino, ili konkuno ku Zomba kuyambira 1947, ndipo lamulo limati wosindikiza buku m'dziko muno apereke kope kumeneko. Laibulale ya ku Chirunga ili ndi gawo la mabuku a za Malawi. Ndimawalemekeza anthu ogwira ntchito m'malo amenewa, chifukwa ndaona mmene amagwirira pepala lokalamba. Koma Zomba yomweyi ikudziwa zimene moto umachita: mu 1919 ofesi yaikulu ya boma la atsamunda inapsa, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira zinathera pomwepo. Mbewu yosungidwa m'nkhokwe imodzi mudzi wonse ndi yoika moyo pachiswe. Ndiponso buku lokhala m'nyumba ya munthu limagwira ntchito ina imene la ku Archives silingagwire. Mdzukulu wanga wa Sitandade 7 sangapite kukapempha fayilo kumeneko, koma tsiku lina anatola Nthondo patebulo n'kuyamba kuseka.

"Agogo, anthu amenewa sankadziwa sipelo? Alemba cimanga."

Ndinamuuza kuti awerenge mokweza. Mizere iwiri yoyamba anapunthwa, wachitatu lilime linazolowera, ndipo anafika kumapeto kwa mutuwo osaimanso. Kenaka anafunsa kuti nkhaniyo inayamba bwanji, ndipo ndinamufotokozera za masamba 18 aja. Iye ndiye anabwera ndi nzeru yojambula tsamba lililonse ndi foni, kuti chiswe chikadzabweranso chidzapeze titasamutsa kale. Timachita Lamlungu masana, iye akujambula, ine ndikutembenuza masamba. Tamaliza mabuku asanu ndi anayi.

Kwa mayi a mtedza aja ndinabwererako Lolemba lotsatira, nditanyamula mtolo wa nyuzipepala zakale ndi makope olembedwa kale a ana asukulu, amene ndinali nawo ambiri. Tinapangana kuti ine ndiziwabweretsera mapepala okulungira, iwo azindisungira chilichonse chosindikizidwa chimene chawapeza, asanang'ambe. Katoni ya apongozi awo inabwera yonse pa kabaza. Zambiri zinali zodyedwa ndi mbewa, koma munatuluka buku la nyimbo la tchalitchi la kalembedwe kakale ndi kabuku ka miyambi kopanda tsamba loyamba. Nkhani inafalikira kwa anzawo a mandasi ndi a zitumbuwa, moti tsopano ndikamadutsa pamenepo amandikuwira.

Sabata yatha anandiimitsanso. "Aphunzitsi, ndakusungirani china. Ichi ndiye chakalekale, chili ndi c wanu uja." Anachitulutsa m'chitenje, chokulungidwa bwino m'nyuzipepala imene ndinawapatsa ndekha. Kanali kabuku kophunzitsa kuwerenga ka ana oyamba sukulu, mtengo wake uli m'mapeni, ndipo patsamba lomaliza mwana wina anayeserera kulemba dzina lake kasanu, chilembo chimodzi chikumutembenukira nthawi zonse. Ndakachotsa kale timawaya. Ulusi woyera unandithera, ndiye mawa ndilowera kumsika.